Ndithandizeni kuunika kampani yopanga mankhwala ndisanagule masheya

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Blantyre, ndipo ndakhala ndikusunga kandalama koti ndigule masheya a kampani yopanga mankhwala. Pa Malawi Stock Exchange palibe kampani yotere, ndiye maso anga ali pa Aspen Pharmacare, yomwe ili pa msika wa masheya wa ku Johannesburg.

Lipoti lawo la chaka chothera pa 30 June ndaliwerenga pafoni mpaka usiku, koma ngongole ndi phindu lawo zikundizunguza mutu. Ndinapitanso kwa broker (wothandiza anthu kugula ndi kugulitsa masheya) wina m'tauni muno, anangoti iwo amagulitsa za kuno zokha.

Kodi inu mumayamba kuyang'ana chiyani, ngongole, dividend (gawo la phindu lomwe kampani imapereka kwa eni masheya) kapena kukula kwa malonda? Nanga ndi kusowa kwa forex kumeneku, ndingagule bwanji mwalamulo?