Kodi njedza imadzalidwa pakhomo?

NaPhiri wa ku Matawale:
Abale, ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kachithaphwi kosauma, ngakhale mu Okutobala. Masamba ndinayesa, amangofiira. Ndiye ndakumbukira njedza, udzu wautali wa m'madambo uja, ya kwathu ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Ndili mwana, agogo ankadula ndi chikwakwa, ife n'kumasenza mitolo kukayanika, ndipo fungo lake likamauma ndimalimvabe mpaka lero. Ndikufuna adzukulu anga aidziwe, poti kunyanja sanafikeko. Koma moyo wanga wonse sindinaone munthu akudzala njedza. Imachita kufesa kapena kuwokera? Nanga kachitsononkho kofiirira ka kunsonga kaja ndi chiyani?

Msodzi wa ku Chisi:
Mayi, mwandikumbutsa kutali. Kachitsononkho kaja musavutike nako. Pitani ku Kachulu, pemphani anyamata akukumbireni tsinde ndi matope ake omwe. Pansi pali chimuzu chonenepa choyanga chammbali, ndicho chimaphukira. N'chifukwa chake anthu akatentha dambo m'chilimwe, mvula ikangogwa imabiriwiranso. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995 tinkayenda pansi mpaka ku chilumba, koma madzi atabwerera njedza inadzukanso. Ife timaipatsa ulemu. Zimbowera zathu, timisasa toyandama pamadzi, timamanga m'menemo, ndipo ana a matemba ndi makumba amabisala momwemo mpaka atakula.

Wophunzira ku Chirunga:
Zikomo amayi. Kachitsononkho kaja ndi maluwa ake, ngakhale alibe mtundu wowala. Mbali yonenepa yofiirira ndi maluwa aakazi ambirimbiri opanikizana. Pamwamba pake, patadumpha kampata, pali kachigawo kowonda ka maluwa aamuna kamene kamathothoka kakamaliza kumwaza ufa wake. Kachitsononkhoko kakakhwima kamaphulika ngati thonje, njere n'kuuluka ndi mphepo. Asayansi amaitcha Typha domingensis. Imapirira madzi a mchere pang'ono, n'chifukwa chake imakondwa ku Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Madambo amenewa ndi amene anachititsa kuti Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo.

Bambo a Chikondi:
Ine ndikuchenjezeni, achemwali. Ndinadzala m'mphepete mwa dimba langa ku Likangala, zaka ziwiri zisanathe inali itatseka ngalande. Kuizula kwake ndi ntchito ya khasu ndi thukuta. Ngati malo ndi ochepa, kwirirani theka la diramu kapena chitayala, mudzalemo m'menemo. Ndipo muzidula mitu isanaphulike, aneba angadandaule.

NaPhiri wa ku Matawale:
Zikomo nonse. Za maluwa aamuna ndi aakazi ndamva lero, chonsecho ndinakula ndikuseweretsa timitu timeneti, kumathamangitsana ndi anzanga thonje lili mbuu m'tsitsi. Diramu yakale ilipo, inabooka pansi. Loweruka ndikwera galimoto ya ku Kachulu, ndipo mdzukulu wanga wamkulu ndimutenga, akaone yekha pamene agogo ankadula. Bambo a ku Chisi, matsinde angati angakwane m'theka la diramu?