Mphwanga apitirize pa makina a offset kapena akaphunzire za kompyuta?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mumadyera ntchito yosindikiza. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atalemba MSCE analowa pa kakampani kena ku Limbe. Anayamba ndi kupinda mapepala ndi kumata mabuku a malisiti. Pano bambo wina wachikulire woyendetsa makina a offset (makina aakulu osindikizira pogwiritsa ntchito mapuleti ndi inki) wamukonda, akumuphunzitsa kumanga mapuleti, kusakaniza inki ndi kuonetsetsa kuti mitundu inayi ya inki yakhalana bwino papepala. Mwanayu amabwera zala zili bii, malaya akununkha mankhwala otsukira makina, koma ntchitoyo waikonda ndi mtima wonse.

Chikutivuta ndi ichi. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, mapepala ndi inki zakwera koopsa poti zonse n'zochokera kunja. Makina amatha sabata ali chigonere, malipiro nawo amabwera mochedwa. Makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro anthu akukapangitsa kwa anyamata a makompyuta. Mayi ake akuti achoke akaphunzire CorelDRAW, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi ndi zolemba zoti zisindikizidwe. Ine mtima ukukana, chifukwa luso la bambo ajawo silipezeka wamba. Nditani?

Mayankho

— Achimwene, ine ndakalambira pa makina a offset a Heidelberg. Musamuchotse. Makope 50 okha n'ngosindikiza pa pulinta ya kompyuta, inde, koma mabuku a sukulu, makalendala ndi nyuzipepala, zikafika masauzande, offset ndi imene imatsika mtengo. Wodziwa kulinganiza madzi ndi inki sasowa pogwira. Chachikulu azivala magulovesi potsuka marola, ndipo pa makina odulira mapepala asamachite chibwana, zala sizimeranso.

— Pepani bambo, tinene zoona. Ntchito zikuluzikulu zikupita kunja, ngakhale mapepala ovotera amasindikizidwa ku Dubai. Mwanayo adikira mpaka liti? Ine ndinayamba ndi kompyuta imodzi ndi pulinta, lero ana akudya.

— Nanga n'kulekeranji zonse ziwiri? Masana pa makina, madzulo pa kompyuta. Wodziwa makina akamakonza chithunzi salakwitsa CMYK (mitundu inayi ya inki ija), amasiyanso malo odulira m'mbali. Mukafunse kwa a TEVETA za kuyesedwa kuti akhale ndi pepala. Akakhwima akayesenso mwayi ku Likuni Press, ku Montfort Media ku Balaka kapena kwa Government Printer ku Zomba.

— Zikomo nonse. Zophatikizazo ndazimva, ndikakhala pansi ndi mlongo wanga Lamulungu. Funso lina: kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito yoti n'kunyamula CorelDRAW ndingaipeze pa ndalama zingati mu Blantyre muno?