Ndimuchotse m'sewero la kusukulu? Mnzake wapamtima wamulanda chibwenzi

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 16. Kusukulu kwawo akukonzekera sewero la Romeo and Juliet, koma analilembanso kuti lifanane ndi moyo wa masiku ano. Analemba ndi iyeyo pamodzi ndi mnzake wapamtima, amene akhala akuyendera limodzi kuyambira ali ndi zaka 6. Mtsikana ameneyu wagona m'nyumba mwanga kosawerengeka, ndamuluka tsitsi ndi manja angawa, yunifolomu yake ndinkachapira limodzi ndi ya mwana wanga. M'sewero lawolo Romeo ndi Juliet amadziwana pa WhatsApp, ndipo uthenga womaliza sufika chifukwa foni yathima. Ankaseka mpaka pakati pa usiku polemba zimenezi, ine n'kumawakalipira kuti azimitse magetsi.

Poyamba Juliet anali mwana wanga. Aphunzitsi anasintha, akuti mawu ake samveka patali, malowo n'kupatsa mnzakeyo. Osandifunsa n'komwe, chikhalirecho diresi ndinali nditasoketsa kale. Wangayu anamupatsa mbali ya mlezi, uja amanyamula mauthenga pakati pa okondanawo. Ndiye Romeo ndi mnyamata amene ndinamva kuti anali naye pachibwenzi. Panopa mnyamatayo akuyenda ndi mnzake uja, osati za sewero ayi, zenizeni.

Ino ndi sabata yachitatu mwana sakudya bwino, akaweruka amangodzitsekera kuchipinda. Dzana ndapeza kope la seweroli pansi pa pilo, masamba ena atang'ambidwa. Bambo ake ndikawaimbira amangoti "zachibwana zimenezo", mmene amayankhiranso nkhani ya fizi. Alamu anga nawo ayamba kale kuuza anthu kuti ndimalekerera mwana. Ndimuchotse m'seweroli? Kapena ndipite kwa amayi ake a mnzakeyo? Sewero lichitika Loweruka la sabata yamawa.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, vuto layambira kwa aphunzitsiwo. Ndaphunzitsa seweroli zaka zambiri ndipo zimandiwawa anthu akamalitenga ngati chitsanzo cha chikondi. Pamene likuyamba, Romeo akulirira mtsikana wina, Rosaline, mpaka bambo ake akudandaula kuti amadzitsekera m'chipinda masana n'kutseka mawindo. Usiku womwewo waona Juliet kuphwando, Rosaline waiwalika. Kutacha akwatirana. Juliet anali asanakwanitse n'komwe zaka 14! Kuyambira kukumana mpaka kumanda sipakwana sabata. Muuzeni mwana wanu kuti iye ndi Rosaline, ndipo Rosaline ndi amene anatsala wamoyo.

Mayi wa Mapasa: Zaka 16 chibwenzi, inu n'kumangoti "ndinamva"? Alamu anuwo sakunama. Anga mafoni adzagwira akadzamaliza sukulu. Mukudandaula za diresi mwana akuwonongeka.

Mlendo Pano: Aphunzitsi ayamba kalasi, tulutsani makope mulembe manotsi.

Wokonda Mabuku: Bambo mphunzitsi, apo mwasokoneza. Rosaline sanasiyidwe, ndi iye anamukana Romeo, analumbira kuti sadzakondana ndi mwamuna. Ndipo salankhula liwu ngakhale limodzi m'sewero lonse. Mwana akulira inu mukamuuze kuti ndi munthu amene samveka n'komwe?

Mphunzitsi Wopuma: Achimwene, sindinanene kuti anasiyidwa, ndati anaiwalika. Ndinayamba kuwerenga Shakespeare inu musanabadwe. Ndipo anawa sanalakwe kulembanso nkhaniyi, mwini wakeyo anachita chimodzimodzi. Anaitenga m'ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562, mmene nkhani imayenda miyezi ingapo ndipo Juliet ali ndi zaka pafupifupi 16. Shakespeare anaipanikiza m'masiku ochepa, mtsikanayo n'kumuchepetsa msinkhu, sewero n'kusindikizidwa mu 1597. Anachita dala kuti tione kupupuluma kwa ana.

Mayi Wopirira: Achemwali, ndawerenga misozi ili m'maso. Ine mnzanga amene tinkabwerekana zovala, amene ndinkamutuma kukapereka makalata kwa amuna anga tili pachitomero, lero ndi amene ali m'nyumba ija. Papita zaka 11 koma ndikamuona mtima umagundabe. Chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Mwana wanu athokoze kuti wamudziwa msanga. Musadzamulowetsenso m'nyumba mtsikana ameneyo.

Namwino wa Usiku: Mayi, mwatiuza za aphunzitsi, za bambo ake, za alamu, koma mwanayo wanena chiyani? Nanga masamba ong'ambidwawo ndi a gawo liti? Seweroli limathera pa ana awiri kudzipha. Mwana amene watha masabata atatu osadya bwino, akudzitsekera, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzivulaza. Kufunsa sikuti mukumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala onse pamalo oti angawafikire, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi wa Mapasa: Mwayamba kuopseza anthu. Ife tinasiyidwapo, tinalira, tinadzuka. Ana a lero mukuwanyengerera kwambiri.

Mtsikana wa ku Koleji: Amayi, ndiyankhule monga munthu amene zinandichitikira posachedwa. Mnyamatayo ndinamuiwala pasanathe miyezi iwiri. Chimene chinkandipweteka chinali choti ndikaona chinthu choseketsa, dzanja limapita lokha pa dzina la mnzanga uja, kenako n'kukumbuka kuti sitilankhulana. Mwana wanu wataya munthu amene akanathawirako kukalira. Chonde musapite kwa amayi a mnzakeyo, mawa lake sukulu yonse idzakhala ikudziwa. Za sewero mufunseni mwini wake. Mwina akufuna kusiya, mwina sakufuna kusiyira ena ntchito imene analemba yekha. Aphunzitsi akhoza kumupatsa ntchito ya kuseri, osati azinyamula mauthenga achikondi a anthu awiriwo pamaso pa gulu.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, wakhudza pamene ndimafuna. Amene analipira mtengo wa chikondi cha Romeo koyambirira ndi mnzake, Mercutio. Tybalt, msuweni wa Juliet, anamubaya pamene Romeo ankalowa pakati kuti awaleretse, lupanga linadutsira pansi pa mkono wa Romeo yemweyo. Nayenso mlezi, amene analera Juliet kuyambira kubere, zitavuta anamuuza kuti angokwatiwa ndi Paris, mwamuna amene makolo ake anamusankhira, ndipo Juliet sanamuululirenso zamumtima. Mabwenzi onse amathera panjira m'seweroli, koma anthu amangokumbukira za pakhonde paja, pamene Romeo ndi Juliet akuululirana chikondi.

Bambo wa Anyamata: Nonse mukumuweruza mtsikana winayo. Nayenso ndi mwana, ndipo mayiwa anena okha kuti amulera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga mnyamatayo bwanji palibe akumutchula?

Membala wobisa dzina: Mayi wa Mapasa, ine sindilekerera mwana. Nditamva za chibwenzicho mwezi wathawu ndinamulanda foni masabata awiri. Mnyamatayo ankalemba tsiku ndi tsiku, mpaka ndinatopa n'kumuyankha ndekha pa foni yomweyo kuti "usandilemberenso, zatha", kenako ndinafufuta zonse. Ndiye musandinene ngati ndinangokhala. Diresi ndinalitchula chifukwa aphunzitsiwo sanapepese.

Mtsikana wa ku Koleji: Amayi! Ndiye kuti mnyamatayo akuganiza kuti mwana wanu ndi amene anamukana? Ndipo mwana wanu akuganiza kuti anangosiyidwa popanda chifukwa? Akudziwa zimene munalembazo?

Mayi wa Mapasa: Apo ndiye munachita bwino achemwali, pepani ndinakuweruzani. Musamuuze kanthu, adzakuthokozani akadzakula.

Mphunzitsi Wopuma: Mwaona! Kalata ya Friar Laurence, wansembe amene anawakwatitsa, yopita kwa Romeo ku mzinda wa Mantua kumene anathawira sinafike, chifukwa wansembe amene anatumidwayo anatsekeredwa m'nyumba poganiziridwa kuti anali m'malo a mliri. Zonse zinawonongekera pa uthenga umodzi. Wokonda Mabuku, tsutsaninso pamenepa ndimve.

Wokonda Mabuku: Pamenepo sinditsutsa, koma za Rosaline munalakwitsabe.

Membala wobisa dzina: Sakudziwa. Ndinkaona ngati ndikumuteteza. Masamba aja sindinayang'ane kuti ndi a gawo liti, kope ndinalibwezera pomwepo. Wangolowa kumene kuchipinda, ndamva akukhoma chitseko. Ndiyambe ndi ziti, za foni kapena zimene anena anamwino?

Namwino wa Usiku: Yambani ndi funso langa lija, usiku uno. Za uthengawo mumuuze mawa kapena mkuja, koma amve kuchokera kwa inu asanamve kwa mnyamatayo. Ikani foni pansi mayi, kagogodeni.