Rauta yakana SQM, a m'zipinda zakuseri akudandaula

Wa ku Rosettenville, Lolemba 19:12
Akuluakulu, madzulo abwino. Ndapatsidwa ntchito yokonza intaneti panyumba ina kuno ku Joni. Alandilodi ali ndi fibre ya 50Mbps ndipo amagawira zipinda 9 zakuseri, ambiri mwa ochita lendiwo ndi akwathu. Madzulo wina akangoyamba kudawuniloda, onse oimba foni pa WhatsApp mawu amangodukaduka. Mayi wina wandiuza kuti yatha sabata osamva bwino mawu a ana ake ku Mangochi pa foni, ndipo zimenezi zandikhudza. Ndagula rauta ya TP-Link TL-WR841N v11 ya kaunjika, ndafulasha (ndaikamo) OpenWrt, firmware kapena kuti pulogalamu yoyendetsa rauta, yayaka bwinobwino. Koma ndikati ndiike luci-app-sqm, pulogalamu ya SQM yoyang'anira mzere wa data kuti wodawuniloda asatsekereze anzake, ikuti malo atha. Ndichotse chiyani?

Madala a ku Turffontein, 19:30
Achimwene, musachotse kanthu. Mapulogalamu amene anabwera ndi firmware amakhala mu squashfs, mbali imene siilembedwa. Mukati mwachotsa, fayiloyo imangobisika koma ikadali momwemo, ndipo chizindikiro chobisiracho chimadyanso kamalo kochepa kamene mwatsala nako. Rauta yanuyo ili ndi flash ya 4MB ndi RAM ya 32MB. Eni OpenWrt anachenjeza kalekale za marauta a 4/32, ndipo OpenWrt 19.07 ndi imene inali yomaliza kuwaganizira. Ndiye kuti chimene mwafulashacho ndi chakale, sichikulandiranso zokonza za chitetezo. Ine sindingachiike pakhomo pa intaneti ya mabanja 9.

Wa ku Yeoville, 19:41
Ndi Image Builder, chida chopangira firmware yanuyanu, zimatheka, mumachotsa LuCI (tsamba loyendetsera rauta pa browser) n'kulowetsamo sqm-scripts musanafulashe.

Madala a ku Turffontein, 19:48
Zimatheka ndithu, ndinayeserapo. Koma RAM ya 32MB ija sikula. Anthu akachuluka rauta izidzizimitsa yokha, ndipo amene azidzutsidwa usiku ndi mnzathuyu.

Achemwali a ku Randburg, 20:05
Pezani rauta ya TP-Link Archer C7, kuyambira v2 mpaka v5. Ili ndi flash ya 16MB, RAM ya 128MB, mapoti a gigabit komanso 5GHz. Musanapereke ndalama itembenuzeni muwerenge sitika yapansi, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi zam'kati zosiyana. V1 isiyeni, 5GHz yake siyenda pa OpenWrt. Koyamba mufulashe fayilo ya factory, sysupgrade ndi ya rauta imene ili kale pa OpenWrt. Ndipo chonde ilumikizeni ku ka UPS, batire yothandiza magetsi akathima, pofulasha. Chaka chatha magetsi anandithimira pakati pa ntchito yotereyi, rautayo ndinaidzutsa ndi TFTP (njira yotumizira firmware pa chingwe), kompyuta nditaipatsa 192.168.0.66. Ikayaka musadabwe kuti WiFi palibe, OpenWrt imabwera itazimitsa. Lowani ndi chingwe pa 192.168.1.1, ikani pasiwedi, dziko musankhe ZA.

WR841N ija musataye. Zimitsani DHCP (yogawira zipangizo ma IP), muipatse IP ina, chingwe chilowe pa LAN, ikhale yofikitsa WiFi kuzipinda zakumapeto.

Wa ku Rosettenville, Lachitatu 18:20
Ndapeza C7 v5, alandilodi avomera kulipira. SQM yalowa, ndasankha cake (njira yake yosanjira mzere wa data) ndi piece_of_cake.qos. Koma sizinasinthe. Ndili pano ndi mayi aja, tayesa kuimba, mawu akudukabe.

Achemwali a ku Randburg, 18:24
Mwalemba sipidi yanji, ndipo mwasankha interface iti?

Wa ku Rosettenville, 18:27
Download 50000, upload 25000, monga alandilodi amalipirira. Interface ndasiya imene inali pamenepo. Laini ndi ya PPPoE.

Madala a ku Turffontein, 18:39
Vuto lagona pamenepo. Choyamba sankhani pppoe-wan. Chachiwiri, manambalawo atsike. SQM imagwira ntchito pokhapokha mzere wa mapaketi (tizidutswa ta data) ukamapangika mu rauta yanu, osati kwa ogulitsa intaneti. Mukalemba sipidi yonse, mzere umakapangika kumeneko, kumene cake alibe mphamvu. Zili ngati pachigayo: woyang'anira mzere akakhala panja, wa thumba lalikulu amatsekereza wa kambale. Zimitsani SQM, yezani ndi chingwe anthu asakugwiritsa ntchito, kenako mulembe pafupifupi 90% ya chimene mwapeza. Muonenso ku Firewall ngati munayatsa flow offloading, muizimitse, siigwirizana kwathunthu ndi SQM.

Wa ku Yeoville, 18:46
Muwonjezere izi pa advanced options: ku ingress nat dual-dsthost, ku egress nat dual-srchost. Zikatero imagawa mofanana pa chipangizo chilichonse, wa torrent sapondereza wa foni imodzi.

Wa ku Rosettenville, 19:35
Offloading ndinayatsadi, ndinkaganiza kuti ithandiza sipidi. Ndazimitsa. Ndayeza ndapeza 48 ndi 24, ndiye ndalemba 43000 ndi 21500 pa pppoe-wan. Ndinapempha mnyamata wa chipinda chachitatu kuti adawunilode dala, ine ndikuyang'ana ping, nthawi imene data imatenga kupita ndi kubwerera. Kale imakwera kupitirira 600ms, pano ikusewera pa 20 ndi 30. Mayi aja alankhula ndi ana awo mphindi 15 osaduka. Zikomo kwambiri madala, achemwali, nanunso achimwene a ku Yeoville.

Achemwali a ku Randburg, 19:40
Musanachoke pitani pa System, Backup, mutenge fayilo ya makonzedwe muisunge. Alandilodi muwauze kuti akadzasintha phukusi la fibre akuitaneni mudzasinthe manambalawo.

Wa ku Rosettenville, 19:44
Ndatenga. Loweruka ndibwerera kudzakoka chingwe cha WR841N chopita kuzipinda zakumapeto.