Firiji ya R600a ikungozima pa sola, ndathedwa nzeru

Wamafiriji_Mufakose: Akuluakulu thandizeni msanga. Kasitomala wanga ali ndi firiji yatsopano, kompuresa ya inverter (yosintha liwiro yokha), gasi woziziritsa ndi R600a. Magetsi akakhalapo ikuzizira bwinobwino. Akathima n'kupita pa sola, kompuresa ikuyamba pang'ono n'kuzima, bolodi yoyendetsa kompuresayo ikutentha. Invata yake ya sola (yosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba) ndi 1kVA yotchipa ija, batire imodzi ya 100Ah. Pasoketi yomweyo abayikanso kabokosi ka power saver. Mayiwo amagulitsa mafiliziti, akundiimbira mpaka usiku. Ndiyambire pati?

Madala_Highfield: Gasi watha ameneyo. Tulutsa 600, thira gasi wina uja wa 134a, nkhani yatha.

Mlongo_wa_Sola: Achimwene, yang'anani kaye chomata cha invatayo. Ngati palembedwa modified sine wave, kutanthauza magetsi osasalala, vuto ndi lomwelo. Bolodi ya kompuresa zimenezi imafuna pure sine, magetsi osalala ngati a m'nyumba. Musapitirize kuyesa, mupsereza bolodi, ndipo mtengo wake mulira nawo.

Madala_Highfield: Ikani geji yoyezera puresha ya gasi muone. Mupeza singano ili pansi pa ziro. Gasi mulibe.

Chiphaliwali_Mbare: Madala, ulemu wanu, koma R600a mbali yokokera gasi m'kompuresa imatha kugwira ntchito pansi pa ziro, ndi chibadwa chake. Komanso gasi akanatha, bwenzi ikuzizira bwanji pa magetsi? Ndipo 134a mu kompuresa ya 600 ayi ndithu. Puresha yake ndi yokwera, mafutanso sagwirizana. Kompuresa ifera m'manja mwanu.

Wamafiriji, usaboole paipi popanda chifukwa. Gasiyu ndi isobutane, amayaka. Mnyamata wina kuno anayatsa tochi yowotcherera mapaipi asanapemerere nayitrojeni m'mapaipimo kuti gasi achoke, m'kakhitchini kotseka mawindo. Nsidze zonse phuu, katani kugwira moto, mwini nyumba kuthamanga ndi ndowa. Ndipo amathiridwa pasikelo, magalamu ali pachomata kuseri, nthawi zambiri safika 100. Zothira mongomvera paipi ndi dzanja zija zisiyeni.

Mlongo_wa_Sola: Kabokosiko kazuleni. Ndinatsegulapo kena, mkati muli kapasita ndi kagetsi kobiriwira basi. Mita ya prepaid imawerenga ma kWh, kabokosiko sikachepetsa mayuniti. Pa invata ya modified kapasitayo ndiye ingowonjezera mavuto. Ndalama imeneyo bola akanagula fridge guard, yodikiritsa mphindi zingapo magetsi akabwera mwamphamvu pakati pausiku.

Madala_Highfield: Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya gasi wa R12 inu musanabadwe. Mafiriji amenewo mpaka lero akulira m'nyumba za anthu. Za masiku anozi n'zidole. Thirani 134a.

Chiphaliwali_Mbare: R12 yomweyo inaletsedwa chifukwa cha ozoni, madala. Ndipo mukasintha gasi walanti yapita, mayiwo adzakugwirani inu pakhosi, osati shopu.

Batire nayonso ndikuikayikira. Imodzi ya 100Ah, ngati akuyatsirapo TV ndi kutchaja mafoni a nyumba yonse, pofika 2 koloko usiku voteji yagwa, invata n'kudzizimitsa. Uwauze aziumitsa mabotolo a madzi magetsi akakhalapo, azichepetsanso kutsegulatsegula chitseko. Raba ya chitseko uione ndi pepala, likasolola mosavuta ndiye kuti ikupuma.

Mjomba_Epworth: Pepani kulowerera. Alipo amene ali ndi vacuum pump (pampu yokoka mpweya m'mapaipi) yobwereka Loweruka? Yanga ikutaya mafuta.

Madala_Highfield: Yanga ilipo mjomba, koma ubwere ndi mafuta ako. Wamafiriji, geji ija waika?