Gulu la banja: za achimwene ndi khola lija

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndangochokera kuchipatala. Achimwene lero akhala tsonga, khosi lamasuka, koma khutu lakumanzere silikumva ndipo akaimirira akumadzandira. Adokotala akuti jakisoni apitirire, asatuluke kaye.

Azakhali: Ambuye alemekezeke 🙏

Amalume: Ndinanena kale ine. Gulitsani nkhumba zonsezo, ndalama zipite kuchipatala, nkhani ithe.

Achemwali aakulu: Amalume tiyambe ndi zopereka. Pa anthu 11 tinagwirizana aja, atumiza ndi 4 okha. Mayina sinditchula.

Mlamu: Ife tinatumiza Lachiwiri, onani bwino.

Achemwali aakulu: Ndaona alamu, theka lija lafika.

Msuweni: Koma si chigodola chimenechi? Paja zinafa ziwiri mwezi watha

Namwino wathu: Ayi asuweni. Chigodola ndi vairasi, chimamaliza nkhumba koma munthu sichimugwira. Zimene apeza m'madzi a pamsana ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus suis. Amakhala kukhosi ndi m'mphuno mwa nkhumba, ngakhale yooneka yathanzi, ndipo kwa munthu amalowera pabala. Mukukumbuka anadzicheka chala potumbula inkatsimphina ija? Anangokulunga kansanza n'kupitiriza. Masiku atatu okha, mutu, kutentha thupi, khosi gwa.

Azakhali: Ine ndinkayesa malungo, n'chifukwa ndinati adikire kuche. Mtima ukundiwawa mpaka pano.

Namwino wathu: Musadziimbe mlandu azakhali, matenda oumitsa khosi amayamba choncho. Chawapulumutsa n'choti tinathamanga nawo atangoyamba kusokonezeka, chifukwa penicillin kapena ceftriaxone amagwira bwino akayambidwa msanga. Koma za khutu ndisakunamizeni. Kachilomboka kamadziwika ndi kugonthetsa anthu, ndipo kwa ambiri kumva sikubwereranso. Akatuluka pafunika kukawayeza makutu. Imeneyo ndi ndalama inanso.

Amalume: N'chifukwa chake ndikuti GULITSANI ZONSE.

Namwino wathu: Amalume, kugulitsa zisanaonedwe ndi dokotala wa ziweto n'kusamutsira maliro kubanja lina. Ku Sichuan, m'dziko la China, mu 2005 anadwala anthu oposa 200, oposa 30 n'kumwalira. Ambiri anali alimi amene anapha nkhumba zodwala kapena kutumbula zofa zokha poopa kutaya ndalama.

Chitsiriza: Pepani kudula nkhani, mwana wakhoza mayeso!!

Azakhali: Eee zikomo Ambuye! Tumiza chithunzi timuone, wakula bwanji tsopano

Msuweni: Nzeru za agogo ake zimenezo 👏

Mlamu: Zabwino zonse. Kodi nambala yatsopano ya achimwene akunja aja alipo ali nayo?

Msuweni: Ali pagulu pompano, akuwerenga zonse

Achemwali aakulu: Tamuyamikira mwana. Tsopano tibwerere. Dokotala wa ziweto akubwera Loweruka ndipo sabwera ulele. Chitsiriza, poti waonekera, gawo lako lili pati?

Chitsiriza: Kumapeto kwa mwezi achemwali

Achemwali aakulu: Mwezi wathanso unatero.

Mlamu: Poti akubwera, muwauzenso kuti yaikazi yakuda ija yapolozanso. Kachiwiri aka.

Namwino wathu: Alamu mukunena lero?? Ana akufawo ndi zotuluka zina anachotsa ndani?

Mlamu: Mnyamata wa pakhola.

Namwino wathu: Ndi manja chabe?

Mlamu: Magolovesi anatha kale, ndinanena pano palibe anayankha.

Namwino wathu: Izi zandiopsa kuposa zoyamba zija. Nkhumba ikamapoloza mobwereza timaganizira brucellosis kapena leptospirosis, zonse ndi bakiteriya ndipo zonse zimagwira munthu. Brucella amadzaza m'madzi ndi m'nsengwa zotuluka pobereka. Munthu thupi limatentha n'kuleka, kutenthanso n'kuleka, thukuta usiku, mafupa kuphwanya, miyezi kumapita akungomwa zochepetsa ululu. Kuchiza kwake ndi mankhwala amitundu iwiri kwa masabata 6 kapena kuposa. Leptospira amayenda mumkodzo wa nkhumba ndi wa makoswe, ndiye madzi amene amadikha pakhomo la khola aja, mnyamata amapondamo opanda magambuti tsiku lililonse. Mufunseni lero ngati thupi likumutentha. Akati eya apite kuchipatala, ndipo akanene yekha kuti amagwira nkhumba, apo ayi angomuyeza malungo n'kumubweza.

Msuweni: Ngalande ya madzi amenewo si ija tinasonkhera chaka chatha?

Azakhali: Tisayambe zimenezo pano.

Msuweni: Ndangofunsa azakhali. Amene anasunga akudziwa.

Achimwene akunja achoka pagulu

Achemwali aakulu: Mwaona.

Amalume: Zonsezi sizikanakhalapo mukanandimvera. Gulitsani. Khola la anthu 11 losamala munthu mmodzi, lero ali gone kuchipatala ena foni sakuyankha.

Achemwali aakulu: Apo pokha mwanena zoona amalume. Koma sitigulitsa kapena kupha iliyonse mpaka Loweruka. Yakuda ija aipatule payokha. Ina ikafa, kukwirira mozama, wina asadule ngakhale mwendo.

Namwino wathu: Ndipo wa bala pamanja asalowe m'khola. Magolovesi, magambuti, sopo, basi. Ana asamasewerenso kumeneko.

Mlamu: Theka lotsalalo ndituma mawa

Chitsiriza: Ine ndibwereka, Lachisanu lisafike

Amalume: Magolovesi ndi magambuti ndigula ine, mundiuze saizi ya mnyamatayo. Koma maganizo anga sindinasinthe.

Azakhali: Mawa wopita kuchipatala ndine. Pali choti nditenge?

Achemwali aakulu: Bulangete lina. Ndipo mukafika mukakhale mbali yakumanja kwawo azakhali. Dzulo ndinalankhula nawo nthawi yaitali ndili kumanzere, iwo akungoyang'ana khoma, sanadziwe n'komwe kuti ndabwera.