Ndikusaka macheza a Jack Mapanje a m'Chichewa, ndani ali nawo?

Moni nonse abale, mwaswera bwanji? Ndithandizeniko apa zandivuta. Ndikusaka macheza ojambulidwa, kaya a pawailesi kaya vidiyo, pomwe mlakatuli uja a Jack Mapanje akufotokoza okha za moyo wawo koma m'Chichewa. Ndikufunira bambo anga, maso anafooka sawerenganso, Chingerezinso cholankhula mothamanga chija amati chimangowadutsa.

Chomwe akufuna kumva kwenikweni ndi za kundende ya Mikuyu, mmene anawagwirira mu 1987 ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College mpaka kudzatuluka 1991 osaonekera kukhoti ngakhale tsiku limodzi, komanso nkhani ya buku lawo la ndakatulo la Of Chameleons and Gods lija la 1981 lomwe boma linachotsa m'masukulu ndi m'mashopu.

Pa YouTube ndasakasaka, zomwe ndapeza nza Chingerezi zokhazokha, zambiri akungolakatula ndakatulo. Pa Facebook ndafunsa, ziii. Buku lawo lofotokoza za kundende, And Crocodiles Are Hungry at Night, ndili nalo, ndimawamasulira pang'onopang'ono madzulo koma aaa nthabwala zake zimathera m'kamwa mwangamu, sizikoma.

Ndiye alipo anasungako kaseti kapena odiyo yotere? Olo yosamveka bwino ndilandira. Kapena ku National Archives ku Zomba amalola munthu wamba kukopera zojambulidwa? Ndili ku Balaka, ku Zomba nditha kupita.